Chilimwe Chathu M'nyumba ya Alendo

Pakhoma, pafupi ndi chitseko, panali kabokosi kachitsulo ka timabatani ta manambala, ndipo kiyi wa nyumba yathu ankakhala m'menemo. Ndikaweruka kusukulu ndinkadina manambala anayi, kabokosi n'kutseguka. Masana chitsulocho chinkawotcha, moti ndinkadina nditakulunga chala m'mphepete mwa yunifolomu. Anzanga akafika kwawo ankapeza munthu wowatsegulira. Ine ndinkapeza kabokosi, ndipo poti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri zokha, ndinkaona ngati ndi chinthu chonyaditsa.

Nyumbayo inali ku Rockingham, m'mphepete mwa mzinda waukulu wa m'dziko lakunja limene tinasamukirako, misewu iwiri kuchokera kunyanja. Sanaimangire anthu ngati ife. Anali mafulati asanu ndi limodzi a alendo odzacheza, obwera ndi masutikesi Lachisanu n'kuchoka Lolemba. Koma matenda a korona atabwera malire anatsekedwa, alendo anazimiririka, ndipo mwini nyumba, mayi wachizungu waimvi, anavomera kuti tilowemo ngati anthu okhazikika. Malire omwewo ndi amene anatsekera bambo anga kunja. Anapita ku Lilongwe kumaliro a agogo atanyamula kachikwama ka masabata atatu, ndiye viza yawo sinali ya anthu ololedwa kubwerera. Pofika chilimwe chimene ndikunenachi, zaka ziwiri zinali pafupi kukwana.

M'nyumbamo chilichonse chinali chinayichinayi: mbale zinayi, makapu anayi, mipando inayi. Ife tinalipo awiri. Amayi sanakhomemo msomali ngakhale umodzi. Chithunzi cha bambo anangochitsamiritsa pamwamba pa firiji, ndipo firijiyo ikayamba kung'ung'udza chithunzicho chinkanjenjemera. “Osakanda tebulo, si lathu,” ankatero amayi. Mawu akuti “si lathu” ndinawamva kambirimbiri moti ndinasiya kuwamva.

Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Ankachoka m'mawa masiki ili m'khosi, n'kubwera madzulo mapazi atatupa. Sukulu itatseka mu Disembala, nthawi ya chilimwe m'dzikolo, ndinatsala ndekha tsiku lonse. Kunyanja anandiletsa kupita popanda munthu wamkulu, choncho ndinkakhala pakhonde la m'mwamba n'kumaiona pampata wa madenga awiri, kachidutswa chabe kobiriwira. Phula linkafewa mumsewu. Akhwangwala ankalira mokoka mawu ngati munthu wodandaula. Cha m'ma thiri koloko mphepo ya kunyanja inkayamba, yonunkhira mchere ndi udzu wa m'madzi wowola, n'kumagwedeza zitseko za mafulati opanda anthu.

Nthawi zina mu fulati ina munkalowa munthu, koma osati woti n'kucheza naye. Anali anthu ochokera kutali amene ankayenera kudzitsekera masiku khumi ndi anayi, ndipo chakudya ankangowasiyira pakhomo. Mmodzi ndimamukumbukirabe. Anali bambo wandevu, windo lake linkayang'anizana ndi khonde lathu. M'mawa uliwonse ankamata pepala pagalasi lolembedwa masiku amene atsala, n'kundikwezera dzanja. Tsiku lina analoza ine, ngati akufunsa kuti nanga iwe atsala angati. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pepala ndi cholembera, koma nambala yoti ndilembe ndinalibe. Ndinatuluka n'kumuonetsa pepala lopanda kanthu. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Tsiku limene anatuluka ine ndinali nditaperekeza amayi kukagula zinthu. Pobwera tinapeza makatani otsegula, bedi loyalidwa kale. Mawu ake sindinawamvepo.

Kenako boma linalengeza kuti malire atsegulidwa. Ndinadumpha pampando mpaka ndinagwetsa kapu imodzi mwa makapu anayi aja. Bambo pafoni ankaseka ngati mwana. Ndinayamba kukonzekera: ndinasankha mpando umene azidzakhalapo, ndinayeza mapazi kuchokera pakhomo mpaka pamchenga wa kunyanja kuti ndidzawauze. Amayi anasangalala ndithu, sindingawanamizire. Koma atadula foni anangoyang'ana makoma nthawi yaitali.

Patangotha sabata mwini nyumba uja anabwera ndi munthu wojambula zithunzi. Mwini nyumbayo anali mayi waulemu, ndipo mpaka lero sinditha kumuda. Anapempha kuti tibise katundu wathu kwa ola limodzi lokha. Ine ndinathandiza mokondwa, poganiza kuti nyumba yathu yatchuka. Ndinakankhira nsapato za kusukulu pansi pa bedi, chitenje cha amayi chimene chinali pasofa ndinachipinda, chithunzi cha bambo ndinachilowetsa m'kabati ya mapoto. Mayiyo anaika mataulo oyera opindidwa bwino pabedi langa, ndi mbale ya mandimu patebulo. Amayi anaimirira panja padzuwa mpaka anthuwo atamaliza.

Amene anandionetsa zithunzizo ndi amalume, mchimwene wa amayi, amene ankayendetsa galimoto yaikulu kumgodi, masabata awiri kumeneko, imodzi kuno. Anabwera Loweruka, ndipo ankaonetsa amayi foni yawo pamene ine ndinasuzumira. Chinali chipinda changa, chikutsatsidwa kwa alendo odzacheza, chowala kuposa mmene ndinkachidziwira. Ndinafufuza pakona iliyonse kuti mwina ndiona kanthu kathu. Munalibe ngakhale chingwe cha nsapato. “Achemwali, apa pakufunika kufulumira,” anatero amalume. Ndi pamene ndinamva kuti tapatsidwa kalata yoti tichoke.

Masabata otsatirawo tinkakwera sitima yapamtunda kukaona nyumba za lendi. Kulikonse tinkapeza mzere wa anthu utafika mpaka mumsewu, aliyense atanyamula mapepala ake, aliyense akupewa maso a mnzake. Amayi ankandiveka diresi la kutchalitchi n'kundiuza kuti, “Moni upereke ndiwe, Chingerezi chako ndi cha konkuno.” Ndinkapereka moni mokweza, ndikumwetulira mkati mwa masiki. Panopa ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinkadzimvera kuti ndine wofunika. Palibe anatiimbira foni.

Mapeto ake tinasamukira kwa amalume, kumpoto, kupitirira Joondalup, kumene mzinda unali kudyabe tchire. Kumeneko nyumba zinali zatsopano zokhazokha, zofanana, madenga akuda otsala pang'ono kugundana. Mtengo wamthunzi kunalibe. Kuseri kwa mpanda kunali mchenga woyera wosalazidwa ndi mathirakitala, timitengo tamaliboni tikusonyeza pamene padzakhale nyumba zina. Mphepo ikawomba mchengawo unkalowa pansi pa chitseko, n'kumalira m'mano tikamadya. Anatipatsa chipinda chimodzi, ine matiresi pansi.

Bambo anafikira m'chipinda chimenecho. Anali ataonda, imvi zitatuluka m'mbali, ndipo atandikumbatira pabwalo la ndege anaima kaye n'kundiyeza ndi dzanja, chifukwa ndinali nditawafika paphewa. Anagona pafupifupi masiku awiri. Ine ndinkangodutsa pakhomo mwakachetechete, kusuzumira ngati akadalipo.

Tsiku lachitatu ndinapeza amayi kuseri akuyanika zovala za bambo. Ndinali nditaganiza nzeru, ndipo ndinkaiona kuti ndi yabwino kwambiri. Ndinati tiwapemphe amalume atisungitsire malo pafoni yawo, tikagone kunyumba kwathu kuja usiku umodzi wokha, kuti bambo akaone kumene tinkakhala. Amayi anaseka pang'ono chabe.

“Kumene kuja tsopano ndi kwa alendo, mwanawe.”

“Nanga ife si alendo? Inu nomwe mumanena kuti kuno ndife alendo.”

Anatenga malaya ena m'beseni, n'kuwakutumula kawiri katatu ngakhale analibe fumbi. Ine ndinawakwiyira tsiku lonse, ndinkati akungokana dala.

Panali zambiri zimene sindinkadziwa. Sindinkadziwa kuti amayi anazindikira zonse tsiku lomwe lija la chilengezo, kuti ndege imene idzabweretse mwamuna wawo idzabweretsanso anthu otilowa m'malo. Sindinkadziwanso kuti mzinda uli ndi alendo amitundu iwiri, ena owayalira bedi ndi ena owafunsa mapepala. Ine ndinkangodziwa liwu limodzi, ndipo ndinaima pamchenga wotentha uja ndikudikira kuti amayi avomere kuti ndanena zoona.