Mapilitsi a Amayi, Chiwindi cha Amalume

Amayi anga sadziwa kudya okha. Akagula mandasi awiri mumsika wa Ndirande, limodzi limadumpha mpanda kupita kwa aneba. Zimenezo tinazolowera. Koma mpaka mankhwala, abale?

Amadwala shuga, ndipo pamzere wa mapilitsi awo kuchipatala ndimaima ndine mpaka miyendo kuchita dzanzi. Tsiku lina adokotala anatiuza mongocheza kuti ofufuza akuganiza kuti mankhwala ena a shuga angateteze chiwindi kuti chisachite zipsera n'kuuma. Anatsindika kuti sizinatsimikizike, akufufuzabe. Ine ndinamva n'kuiwala. Amayi anasunga.

Mlongo wawo, amalume a ku Bangwe, anali atauzidwa kale kuti kachasu wawaumitsa chiwindi. Shuga analibe.

Kenaka mapilitsi anayamba kutha mwezi usanathe. Amayi ankangopapira madzi, kuwodzera masanasana, ndipo kachilonda ka pachala chakuphazi sikankapola. Ndinakalipira aliyense m'nyumbamo, ndi mbewa zomwe. Mpaka m'mawa wina ndinawapeza pasiteji akudikira minibasi ya ku Limbe, atamanga kanthu kunsonga ya chitenje.

"Amayi, mwamanga chiyani apa?"

"Ndi zanga."

Ndinamasula. Anali mapilitsi, odulidwa pakati ndi lezala bwinobwino: theka lawo, theka la amalume.

Ndinapsa mtima, ulemu wonse unathawa. "Kodi mankhwala ndi ndiwo zoti muzipatsana pambale? Adokotala sananene kuti amachiritsa! Amalume alibe shuga, mungawavulaze, ndipo inuyo mukufuna akuduleni phazi? Ine ndiziima pamzere kuti inu muzitsegula chipatala ku Bangwe?"

Kondakitala anasiya kuitanira n'kumationerera. Mayi wina wogulitsa nthochi anandiyang'ana ngati ndine wakuba.

Amayi anadikira kuti mpweya undithere. "Wamaliza? Ifetu tinabadwa ambiri m'mimba imodzi. Enawo ndinawaperekeza kumanda ndi miyendo yomweyi. Iwe abale ako alipo. Akapita achimwenewa, adzandiitanenso ndani dzina langa laubwana?"

Mawu amenewo anandikwiyitsa koposa. Mapilitsi ndinalanda ndithu, chifukwa phazi lija silikanadikira kuti ofufuza amalize.

Minibasi tinakwera tonse. Amayi anakhala pawindo, manja pamiyendo, osandiyang'ana. Tikukwera mtunda wa ku Bangwe ndi pamene anayankhula, motsitsa kwambiri.

"Nanga ndikafika ndikawapatsa chiyani?"