Bambo wa Chipewa pa Tebulo la Maliro

Okushoni ndinaidziwa ndili mwana, koma ya fodya. Bambo anga ankalima fodya ku Kasungu, ndipo akabwera kogulitsa ankatiyeserera mmene wogulitsa uja ankayankhulira, lilime likuthamanga ngati makina osokera, ife n'kumagubuduzika ndi phwete. Ndiye tsiku limene mnzanga wa kusukulu ya unamwino ku South Bend, kuno kudziko la azungu, ananditengera ku okushoni ya katundu wa nkhalamba ina imene inamwalira, nditamva mkulu wogulitsa, kanyundo kali m'manja, akuthamangitsa lilime chimodzimodzi, ndinangoona ngati ndafika kwathu. Ndinakweza mkono osadziwa n'komwe chimene ndikugula. Anandipatsa kabokosi ka siliva kothimbirira, kosungiramo fodya wa m'mphuno. Nditakapukuta kunyumba kanawala, ndipo matenda anga anayambira pomwepo.

Titasamukira ku Indianapolis, ku Lawrence, matendawo anakula. Loweruka limene ndinalibe shifiti kuchipatala, anzanga akupita kokagula zovala, ine ndinali pa mpando wachitsulo m'chinyumba chozizira, kakhadi ka nambala m'manja. Ndinayamba ndi timabokosi ta fodya, kenako tosungiramo ndudu, ta machesi, ta ufa wodzola azimayi akale. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: posakhalitsa ndinagwera m'zithunzi. Zithunzi ndi mapositikhadi ankazigulitsa m'makatoni, katoni yonse pamodzi ngati tomato wotsala madzulo pamsika. Maukwati, makanda ovala zoyera, asilikali, azimayi a nkhope zolimba ataima pakhomo la khola. Ndinkazipukuta, kuzisanja, zabwino n'kuziika m'mafelemu a siliva m'kachipinda kapamwamba.

Amuna anga ankakatcha kachipindako kumudzi kwa apongozi. Akandisowa pansi ankakuwa kuti kodi achibale anga adzuka bwanji. Azimayi anzanga a ku tchalitchi sankaseka nawo. Kwathu katundu wa malemu satoledwa chisawawa, amadikira akuluakulu agawe, ndiye iwo ankadabwa kuti ndimagona bwanji m'nyumba yodzaza nkhope za akufa a eni. Ine ndinali ndi yankho lokonzeratu, ndipo ndinkalinyadira. Ndinkati oyenera kuwadabwa ndi anthu a kuno, amene amaika agogo awo m'katoni n'kuwagulitsa kwa mlendo. Ndinkati ife Amalawi sitingachite zimenezo, ife timadziwa kusunga makolo. Mawu amenewa ndinawanena kambirimbiri, ndili ndi kapu ya tiyi m'manja.

M'katoni ina imene ndinagula ku Speedway ndinapezamo munthu wakuda. Pa nkhope zonse zoyera zija iye anali yekha: bambo wamtali, wa suti yamizeremizere, chipewa chopendekeka pang'ono, tcheni cha wotchi pamimba, dzanja atatsamira pa mpando wa kojambulira. Kumbuyo kunalibe dzina. Ndinamumvera chisoni kuti anthu ake amutaya pakati pa alendo, ndipo ndinamupatsa felemu yokongola kuposa zonse, ya maluwa m'mphepete. Ndinamuika yekha pamwamba pa kabati.

Bambo anga anamwalira m'nyengo ya chisanu cha kuno. Mchemwali wanga wamkulu anaimba foni, ndipo tsiku lotsatira anali atawaika kale. Mapepala anga atsopano okhalira kuno anali asanatuluke, choncho za ulendo panalibe. Monga timachitira, Amalawi anzathu anagwirizana zobwera kunyumba Loweruka kudzakhala nafe pamaliro, ena kuchokera ku South Bend komwe. Pamwambo wotere pamakhala tebulo pabalaza, nsalu yoyera, kandulo, mbale ya chipepeso, ndi chithunzi cha malemu, pakuti ambiri obwerawo sanamuonepo munthu amene akumulira.

Lachisanu m'mawa ndinayamba kufufuza chithunzicho m'foni. Ndinali nditapita kumudzi kamodzi kokha chibwerereni kuno, ndipo ulendo umenewo ndinajambula kwambiri. Ndinapeza njerwa za nyumba imene ndinkamangitsa, mafelemu a mawindo, malata ali mulu, chitsime, ngakhale mbuzi. Bambo ndinawapeza pa chithunzi chimodzi, ndipo sanali iwo onse: chigongono chokha m'mphepete, atagwira chingwe choyezera khoma. Ndinakumbukira kuti tsiku lonyamuka anavala jekete lawo n'kunena kuti ndiwajambule, ine n'kuyankha kuti galimoto ikudikira, ndidzawajambula bwinobwino nyumba ikadzatha. Ndinatumiza uthenga kwa achemwali, koma iwo anali pakati pa anthu kumudzi, ndipo foni yawo inali ya mabatani. Sindinauze aliyense, ngakhale amuna anga.

Loweruka azimayi anafika m'mawa n'kulanda nyumba. Namfedwa sagwira ntchito, sayankha mafunso, salondolera anthu pamene pali supuni. Anandiyalira matiresi pakona ya pabalaza, anandifunditsa chitenje kumutu, awiri n'kukhala m'mbali mwanga. Amuna anga anakankhidwira ku galaja kumene kunali azibambo. Wotsogolera zonse anali mayi wina wamkulu wa ku South Bend, wapampando wa azimayi, munthu amene akalowa m'khitchini mwako umayamba kupempha chilolezo chotunga madzi. Anagwada pafupi nane n'kundifunsa chapansipansi kuti chithunzi cha malemu chili kuti. Ine m'malo moyankha ndinangoyamba kulira, ndipo kulirako kunali kwa mantha kuposa chisoni.

"Pepani, pepani, musavutike," anatero akundisisita kumsana. "Khalani pomwepo. Tipeza tokha."

Ndinamva mapazi awo akukwera masitepe. Ndinamva chitseko cha kachipinda kaja. Atatsika anali atafukata felemu ya maluwa ija pachifuwa, ndipo anaiika pa tebulo mwaulemu, n'kuyatsa kandulo. Sindikuwaimba mlandu. Munthu walowa m'chipinda chodzaza azungu, wapeza wakuda mmodzi yekha, ali pamwamba, m'felemu yabwino kuposa zonse, m'nyumba ya mwana wamasiye. Akanaganiza chiyani?

Mpata wonena unalipo, ngakhale waung'ono. Ndikanakoka chitenje cha mayi amene anali kumanja kwanga n'kumunong'oneza. Koma akanandifunsa kuti nanga chenicheni chili kuti, ndipo anali mmodzi mwa amene ndinkawalalikira za anthu ogulitsa agogo awo m'katoni. Manyazi anapha lambe. Ndinakokera chitenje kumaso, nyimbo n'kuyamba.

Anthu ankalowa, kuima pa tebulo, kenako kubwera kudzandigwira dzanja. Wina anati ndinatengera mphuno. Wina anati ayi, ndi chipumi. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito anati tsopano wamvetsa kumene ndinatenga mtima wokonda zinthu zapamwamba. Azibambo atalowa kuti mapemphero ayambe, mkulu wa mpingo analoza chithunzicho n'kunena kuti ngakhale sanakumane nawo malemu, nkhope yokha ikuchitira umboni kuti anali munthu wodzilemekeza, wophunzira, wodziwa kufunika kwa nthawi, taonani wotchi. Anthu anavomera.

Bambo anga anali aafupi, a dazi, a mano otalikirana. Zala zawo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, ndipo nthawi ankaiona pa dzuwa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pansi pa chitenje paja, pakati pa manyazi onsewo, panali kamtima kena kamene kanakondwera. Kanakondwera kuti madokotala ndi aphunzitsi a ku yunivesite amene anadzaza nyumba yanga akuona bambo wa suti ndi chipewa.

Amuna anga analowa pambuyo pa onse. Iwo ankawadziwa bwino apongozi awo, anakhalapo nawo m'chigafa akusoka fodya. Ndinawaona akuyang'ana tebulo, kenako ine, kenako tebulo. Anakhala pansi n'kutsegula buku la nyimbo. Ataitanidwa kuti anene mbiri ya malemu, ananena zoona zokhazokha, za munda, za ana, za mpingo, maso ali pa kapeti. Anthu atabalalika, tikusonkhanitsa mipando, anangoti, "Koma apongozi anga atalika." Ndinayembekezera kuti apitiriza, koma ananyamula mipando n'kupita nayo ku galaja.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo, pakuti alendo amaiwala. Koma tili ndi mwana wamkazi, wobadwira ku South Bend, amene panthawiyo anali atangoyamba sukulu. Ku Malawi sanapiteko. Agogo ake ankawadziwa mawu okha pa foni, iwo akumufunsa m'Chichewa, iye akuyankha m'Chingerezi, onse awiri n'kumaseka. Tsiku lonse la maliro anakhala pafupi ndi tebulo lija akumva anthu akunena kuti awa ndi agogo ake. Madzulo ananyamula felemu ija n'kukaiika pambali pa bedi lake. Ndinamuona akukwera nayo masitepe, ndipo ndinadziuza kuti mwanayu watopa, ndimufotokozera mawa.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawa lake anali atajambula kale bambo wa chipewa ndi makrayoni kuti akaonetse aphunzitsi ake. Sabata yotsatira ndinamumva akuuza mnzake kuti agogo ake anali ndi wotchi yagolide. Amuna anga anandiuza kuti chingwechi ndinachimanga ndine, ndimasule ndekha. Ndinavomera, koma ndinati ndidikire kaye ndipeze chithunzi chenicheni, kuti pochotsa china ndikhale ndi choikapo. Ku okushoni ndinasiya kupita. Ndikangoganiza za lilime la mkulu wa kanyundo uja, ndinkamva mawu a bambo akumuyeserera.

Chithunzicho chinabwera patapita miyezi, ndi mayi wina amene ankachokera kumudzi. Achemwali anafufuza nyumba yonse, ndipo chimene anapeza chinali chimodzi: kachithunzi kakang'ono ngati sitampa, kamene anakamatula pa khadi la kalabu ya alimi a fodya. Pakona panali chidindo chofiirira chimene chinadya khutu limodzi. Bambo anali atatong'ola maso monga amachitira anthu osazolowera kamera, kolala ya jekete lija itapindika mbali imodzi. Ndinakhala m'galimoto pamalo oimika magalimoto ku tchalitchi n'kulira maliro amene ndinalephera kulira pa matiresi paja.

Mafelemu anga onse anali aakulu. Kachithunziko kanakwana m'kabokosi ka fodya wa m'mphuno kaja, koyamba kugula, ngati kuti anachita kuyeza. Ndinakapukuta mpaka kanawala, ndipo ndinaitana mwana wanga kuti adzakhale nane pa bedi lake, bambo wa chipewa akutiyang'ana. Ndinali nditakonza mawu onse, kuyambira ku Kasungu mpaka ku tebulo la maliro. Ndinaganiza zoyamba ndi kumuonetsa nkhope, mawu abwere pambuyo. Ndinamupatsa kabokosiko kuti atsegule yekha.

Anatsegula, anayang'anitsitsa, anapendeketsa kabokosiko kuti kuwala kulowe. Anaseka pang'ono poona maso otong'oka aja. Kenako anandibwezera mosamala, monga ndinamuphunzitsira kugwira zinthu za m'kachipinda kapamwamba, n'kundifunsa m'Chingerezi chake ngati ameneyunso ndamugula ku okushoni.