Njerwa zanga m'khola la nkhumba za abusa

Ine ndine mkamwini. Ndidabwera pamudzi uno, kunsi kwa phiri la Michesi, ndi khasu ndi malaya awiri. Nyumba ndi ya mkazi wanga. Munda ndi wake. Ana ndi a kwawo. Changa chenicheni pano ndi tchalitchi.

Matipate atangoyamba kumene, tchalitchi chathu chaudzu chidapendama. Tidagwirizana zoumba njerwa, aliyense ndi chikombole chake. Changa chidali ndi mng'alu, choncho njerwa iliyonse yotuluka m'menemo inkakhala ndi kamzere ngati mphini. Anthu ankaseka. Ine sindinkaseka. Tidaotcha uvuni, njerwa zidapsa bwino, ndipo tidaziunjika kuseri kwa nyumba ya abusa kuti zisabedwe.

Akuba sadabwere. Koma mulu unkangochepa.

Abusa athu adali ochokera kutali, odziwa kulalika. Akayamba za Yobu, ngakhale makanda ankasiya kulira. Vuto lawo lidali nkhumba. Ankazikonda kuposa nkhosa zimene adapatsidwa. Tsiku lina ndidapita kukawalonjera, n'kupeza khola latsopano lanjerwa, lowongoka kuposa nyumba imene ndimagona. Ndidayandikira. Mphini apa, mphini apo, mpaka pamwamba.

"Abusa, njerwa izi ndikuzidziwa."

"Ndangobwereka, akulu. Zikuphunzira kuima."

"Nanga nkhumbazi mwazibatiza liti?"

Adaseka okha.

Nkhani idawanda. Nthawi imeneyo mipingo inkamera ngati bowa, monga zipani zomwe. Mnyamata wina adabwera kuchokera ku Blantyre ndi chimkuzamawu ndi batire ya galimoto, nadzitcha mneneri. Adayamba mapemphero pansi pa mtengo wa mango. Anthu athu adakhamukira komweko. Mkazi wanga ndiye adali patsogolo.

"Bambo, tiyeni. Mukufuna kutsala ndi nkhumba?"

"Pitani nokha, mayi."

"Kumbukirani kuti mumagona m'nyumba ya yani."

Madzulo ake ndidapeza mphasa yanga atayala kukhitchini. Ndidagona mmenemo ndi nkhuku dzinja lonse. Sindidadandaule. Nkhuku sizikamba za mneneri.

Kutchalitchi tidatsala ochepa: ine, amayi awiri okalamba, ndi mkulu wina wogontha amene sadamve kuti anthu achoka. Lamulungu lililonse ndinkanyamula njerwa imodzi yamphini, n'kukaiika kutsogolo kwenikweni, n'kukhalapo. Ndinkangowayang'ana abusa. Akamawerenga malamulo khumi, pofika pa "Usabe" chifuwa chinkawagwira. Ndinkadikira chithe. Ulaliki ukakhala wabwino ndinkavomera ameni, poti mawuwo sadali awo. Moni wa pakhomo ndiye sindinkawapatsa.

Alamu anga adandipeza kumunda.

"Alamu, mukuvutikiranji? Munthu uja ndi wakuba."

"Ndikudziwa. Ndidamugwira ndine."

"Nanga bwanji simukuchoka?"

"Achoke wakubayo. Iye adabwera pa lole, adzapita pa lole. Ine dothi lija ndidaliponda ndi mapazi awa."

Lole idabweradi. Akuluakulu a mpingo adawasamutsa abusa mvula itatha. Katundu kutsogolo, nkhumba kumbuyo, zikulira msewu wonse. Potsanzika adandigwira dzanja.

"Akulu, mwandisautsa."

"Khola mwalisiya?"

"Silinyamulika."

M'mawa mwake ndidayamba kuligumula ndekha, njerwa imodzi imodzi kuti zisasweke. Dzuwa litakwera ndidamva chidebe chikutulidwa kumbuyo kwanga. Adali mkazi wanga. Adakhala pansi n'kuyamba kutsuka njerwa ndi chitsononkho, osandiyang'ana.

"Kwagwanji kumango, mayi?"

"Mneneri wati tiumbe njerwa."

"Ndi zabwino zimenezo."

"Wati tikaziunjike kuseri kwa nyumba yake."

Sindidaseke. Ndidangomupatsira njerwa ina. Tsiku lomwelo mphasa yanga idabwerera m'nyumba.

Enanso adabwerera, mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake chabodza. Tidamanga tchalitchi. Njerwa za m'khola zidalowa khoma lakum'mawa. Chiyambire apo abusa ena abwera n'kupita. Wina adali waulesi, wina ankakonda misonkhano ya chipani. Onse ndidawakhalira kutsogolo.

Mvula ikagwa, khoma lija limatulutsa kafungo. Alendo amasuntha. Ana amatseka mphuno. Ine malo anga ndi pomwepo, ndipo mkazi wanga amadziwa kuti sindisuntha.