Luzi la Bambo ndi Makina a Manambala

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene chigayo cha bambo ku Mkanda chinasiya kulira. Zitsulo zogwira shafiti, zimene amakaniko amati mabushi, zinali zitadyeka. Matumba a chimanga cha eni ake anadzaza khonde, anankafumbwe akuchitiramo msonkhano, ndipo azimayi ena anayamba kusenza chimanga chawo kupita kuchigayo cha tsidya la dambo. Bambo ankadziwa kuti kasitomala akawoloka dambo limenelo sabwereranso.

Mmisiri wa pa Boma anasula mabushi awiri poyesa ndi maso. Lina linathina, lina linkagwedera ngati dzino la nkhalamba.

Kenako tinamva kuti ku Lilongwe kuli makina osema okha zitsulo. Munthu amangowalembera manambala pakompyuta, iwo n'kusema zofanana ndendende, ngakhale zikhale zana. Koma shafiti inali yolemera, yosati n'kukwera njinga. Choncho bambo anasenda luzi laliwisi, n'kulizunguliza pashafiti, n'kumanga mfundo. Ine ndinapatsidwa udindo waukulu wolisunga m'thumba la malaya, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ine ndi bambo panjinga mpaka pa Boma, kenako m'minibasi ya ku Lilongwe.

Mnyamata woyendetsa makinawo analiyang'ana luzilo nthawi yaitali.

"Madala, bwanji osabwera ndi shafiti yeniyeniyo? Makinawa safunsa mafunso."

"Iwe tangoyeza," anatero bambo. "Luzi ndamangira nyumba usanabadwe."

Anayeza, nalemba manambala, natseka chitseko chagalasi. Mpeni unayenda wokha, madzi oyera ngati mkaka akuthirira chitsulo. Mabushi anayi anatuluka onyezimira, ofanana kuposa mapasa. Bambo anawavulira makinawo chipewa.

Kunyumba onse anayi anakana kulowa, ndipo anakana mofanana. Luzi linali litauma m'njira n'kufupika. Bambo anamenya ndi hamala mpaka bushi limodzi linang'ambika, kenako anakhala pansi paufa, manja ali kumutu, akuyang'ana ngolo ya a Nabanda, kasitomala wathu wamkulu, ikupakira matumba.

Shafiti inakwera matola mawa lake. Mnyamata uja anaiyeza, nasintha nambala imodzi yokha, ndipo mabushi atsopano analowa osamenyedwa. Chigayo chinaliranso. A Nabanda sanabwerere.

Nditakula ndinakalowa kukoleji ya zaumisiri, n'kutulukako chaka chachiwiri mwaulemu wonse, popanda pepala. Chimene ndikudziwa lero n'chakuti mmisiri akalakwitsa, mumakalipirana naye, mtima n'kuphwa. Makina a manambala salakwitsa. Amangokubwezera kulakwa kwako komwe, atakupukutira bwinobwino, kanayi.