Mphuno za Apongozi

Nditakwatiwa ku Highfield, chinthu choyamba chimene ndinachidziwa bwino m'nyumba ya apongozi anga chinali nsapato. Za apongozi aamuna zinali zakuda, zopolishidwa m'mawa uliwonse ngakhale kunalibe kopita, ya kumanzere yodyeka chidendene. Nkhope yawo sindinkaidziwa. Kwathu ku Hopley amayi anga, amene anachoka ku Tete nthawi ya nkhondo, anandilangiza kuti mpongozi sayang'anidwa m'maso, ukamapereka madzi ugwade, ukamayankha maso pansi, ndipo ine ndinamvera mpaka kupyola muyeso chifukwa ndine wamantha chibadwire. Ndimaopa agalu, ndimaopa makondakitala a minibasi zimene kuno timati kombi, mwana akagona nthawi yaitali ndimamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma.

Bambo a mwana ali ku Joni. Panyumba tinatsala ine, kamwana kanga kongoyamba kuyenda, ndi akuluakulu awiriwo.

Za sukulu yojambula ndinazimva kusikelo. Mayi wina pamzere anati kuseri kwa mashopu a pa Machipisa kuli kalasi ya Loweruka ya atsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kapena umphawi, makamera amabwereketsa. Ine ndinalekera giledi seveni. Sindidziwa chimene chinandilowa. Ndinauza apongozi aakazi, iwo anakauza apongozi aamuna, ndipo yankho ndinalilandira ndili chigwadire pakhomo la pabalaza, ndikuyang'ana nsapato zija.

"Kujambula amachita kuphunzira? Si kungodina?"

Kenaka anapitiriza:

"Pitani, amake mwana. Koma ndidzaone chimene mukuphunzira. Chikakhala chibwana, Loweruka muzichapa ngati akazi anzanu."

Aphunzitsi athu anali mayi wovala thalauzi, wolankhula Chishona chothamanga chosakaniza ndi Chingerezi, munthu woti akafuna chithunzi amagona chafufumimba pasimenti osasamala kuti pali anthu. Tsiku loyamba anatseka makatani n'kutionetsa pakhoma zithunzi za ojambula akale a kumadzulo kwa Africa. Anthu ataima kutsogolo kwa nsalu zamaluwa, wina wagwira wailesi, wina watsamira njinga yamoto, ndipo aphunzitsi anati zinthuzo si zawo, ankazipeza kwa wojambulayo, munthu ankasankha yekha chimene akufuna kudzakumbukiridwa nacho. Ndinaseka mumtima, chifukwa azakhali anga ali nacho chithunzi atagwira telefoni ya chingwe chosapita kulikonse.

Tinaphunzira za kuwala. Dzuwa la masana ndi mdani, limakumba maenje m'maso mwa munthu. Windo ndi bwenzi. Usaike munthu pansi pa mtengo woti uzioneka ngati wamumera pamutu. Ndinayamba kuona zinthu zimene ndinkangozidutsa, mmene kuwala kumalowera pamalata obooka, mmene nthunzi ya ketulo imaonekera dzuwa likakhala kuseri kwake, moti tsiku lina ndinapsereza phala la mwana ndikuyang'ana utsi. Loweruka linasanduka tsiku langa lopumira mpweya. Ndiye tangoganizani mmene mtima unagundira aphunzitsi atati ntchito ya kunyumba ndi kujambula nkhope ya munthu wamkulu wa pakhomo panu, diso la kamera likhale pamsinkhu wa maso ake.

Apongozi aakazi anakana, ati tsitsi silinakonzedwe. Apongozi aamuna anavomera mwachangu chimene sindinachiyembekezere. Anavala suti, tayi, chipewa, n'kukhala pampando wawo. Ine ndinalowa choyenda ndi maondo, ndinafika pafupi ndi nsapato, ndinakweza kamera m'mwamba maso ali pansi, ndinadina, ndinathokoza, ndinatuluka chambuyo.

Loweruka zithunzi zathu anazionetsa pakhoma, zazikulu ngati chitseko. Itafika nthawi yanga kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Panalibe maso. Panalibe chipumi. Panali chibwano, mlomo wa chipewa, ndi mphuno, mapanga awiri akuda okhala ndi udzu womera pakhomo.

"Atsikana," anatero mnzanga wina wogulitsa tomato, akupukuta misozi, "kombi ikhoza kukhotera m'menemo!"

"Munaima pati?" anafunsa aphunzitsi.

"Sindinaime. Ndinagwada."

"Mukaimirire."

"Ndi apongozi."

Amayi onse m'kalasi anati hoo, amvetsa, enanso anayamba kubisa makamera awo kumbuyo. Aphunzitsi anakanda m'mutu. Kenaka anatenga kamera yanga n'kusolola kagalasi ka kumbuyo kamene timaonerapo chithunzi, anakapinda kuti kayang'ane kumwamba. Anati ojambula akale aja makamera awo ankawagwirira pamimba n'kumasuzumira pamwamba, mutu woweramitsa ngati munthu wopereka ulemu, ndiye wojambulidwa sankachita manyazi. "Za maso ndakuthandizani," anatero. "Za msinkhu mukaona nokha."

Madzulo ake nsapato zija zinandipeza kukhitchini.

"Chithunzi chija, amake mwana?"

"Akuchitsuka, bambo."

Anakhutira, chifukwa m'masiku awo zithunzi ankazitsuka ndithu, munthu n'kudikira mpaka kuiwala. Koma apongozi aakazi, amene ali ndi foni yawoyawo ndipo zithunzi za adzukulu amazilandira tsiku lomwelo, anati chapansipansi, "Masiku ano amatsukanso?" Ine ndinalimbikira kupala mpoto wosapserera.

Sabata yonseyo ndinayenda ndi nkhaniyi pamutu. Ndikawaonetsa mphuno, sukulu yatha. Ndikapanda kuwaonetsa kanthu, sukulu yatha. Ndikaimirira pamaso pawo, nkhani ikafika ku Hopley kwa amayi anga, mwinanso ku Joni, ati mkazi wako wayamba mwano chiyambireni makamera. Ndinayesa kuganiza zowakhazika pamphasa, koma munthu wa suti pamphasa? Ndinaganiza zowajambula ali mtulo, ndinadziletsa ndekha, zithunzi zotere ndi za maliro.

Amene anandipatsa nzeru ndi mwana wanga. Pabalaza pali katebulo kafupi ka apongozi aakazi, kokhala ndi kansalu koluka ndi maluwa a pulasitiki, katebulo kosaikidwa ngakhale kapu ya tiyi. Lachitatu ndinamupeza atakwerapo, wagwada bwinobwino pakati pake, akutafuna duwa. Ndinamunyamula msanga. Ndili naye m'manja ndinayang'ananso katebulo kaja. Amayi anga anati ugwade. Sananene kuti pati.

Lachinayi apongozi aakazi anavala bulauzi yoyera n'kupita kumsonkhano wa amayi a mpingo. Geti litangotsekeka ndinagwada pakhomo la pabalaza.

"Bambo, chithunzi chija chatsukika mopitirira. Ati tibwereze."

"Anyamata a masiku ano sadziwa mankhwala," anatero, n'kupita kukavala suti.

Mpando wawo ndinaukokera pafupi ndi windo. Ndinachotsa maluwa, kansalu koluka ndinakapinda ngati ka paguwa, mwana ndinamumanga kumsana kuti asandiulule. Atakhala, ndinafika choyenda ndi maondo monga mwa masiku onse, ndiye bondo limodzi pamwamba, linzake pamwamba, katebulo kanalira kwii, ine thukuta kamukamu.

"Amake mwana. Mukutani?"

"Ndagwada, bambo."

Ndinaweramitsa mutu, kamera pachifuwa, ndinayang'ana pakagalasi, ndipo apongozi anga anali pamenepo, maso awo molunjika ndi anga. Nsidze zaimvi. Kachipsera pamwamba pa diso. Makutu, Mulungu wanga, makutu a mwana wanga enieni, otambasuka ngati zogwirira mpoto, ine nthawi yonseyi ndinkaimba mlandu anthu a ku Tete. Kuwala kwa pawindo kunawagwira tsaya limodzi monga mmene aphunzitsi ananenera. Koma nkhope inali ya pachitupa, milomo yomata ngati envulopu. Aphunzitsi anati munthu akauma umuchezetse, umufunse za ubwana wake. Ine ndicheze ndi apongozi?

Geti linalira.

Apongozi aakazi anali ataiwala buku la nyimbo. Ndinamva mapazi pakhonde, ndinafuna kutsika koma mwendo unachita dzanzi, mwana kumsana anayamba kuombera m'manja pomva agogo ake, chitseko chinatseguka.

"Mayo ine! Patebulo langa! Muroora!" Akakwiya mawu oti mpongozi amawatchula m'Chishona. "Pakhomo pano pafika zotani? Mkazi pamwamba ngati nkhuku yofuna poikira! Pamaso pa apongozi ako!"

"Amayi," anatero apongozi aamuna, mawu akunjenjemera, "musamunamizire mwana. Wagwada."

Ndipo anaseka. Sindinawamvepo akuseka chikwatiwire. Mutu kumbuyo, chipewa chapendekeka, kamwa yonse poyera, ndipo kutsogolo kunalibe mano, mpata woti njinga n'kudutsa. Ine sindinaganize zodina. Chala chinadina chokha ndi mantha, chinadinanso, chinadinanso, kwinaku ndikuti pepani amayi, pepani amayi, maso ali pansi mwaulemu wonse.

Loweruka kalasi sinaseke. Aphunzitsi anayang'ana nthawi yaitali, anandifunsa kuti ndinaima pati, nditawauza anakhala pansi n'kugwira pamimba. Anachisindikiza papepala lolimba kuti ndipite nacho. M'kombi ndinachigwira ngati mbale ya mazira. Munthu wabisa mpata wake zaka zonsezi, ngakhale kutchalitchi ati amaimba chotseka pakamwa, ndiye ine kamtsikana ka ku Hopley ndikamuikire pa pepala? Bola mphuno zija. Ndinaganiza zochisiya pampando wa kombi, koma kondakitala anali akundiyang'ana.

Ndinachipereka ndi manja awiri. Ndinayang'ana nsapato. Ya kumanzere inagunda pansi kamodzi, inaleka. Apongozi aakazi anabwera kudzasuzumira paphewa pawo, ndinamva akukoka mpweya ngati munthu wofuna kuyetsemula, anathawira kukhitchini.

"Amake mwana."

"Bambo."

"Mano anga ali kuti?"

"Sanatuluke, bambo."

"Sanatuluke. Anthu masiku ano amamuika munthu pambali pa ndege asanaikwerepo, amamuyeretsa khungu amake osamuzindikira, inu mano okha akukanikani? Sukulu yanji imeneyi?"

Ndinamva Loweruka langa likutsetsereka ngati sopo m'bafa.

"Simunamalize maphunziro," anatero. "Ndisamve kuti mwajomba. Muzipita mpaka mudziwe kuika mano."

"Nanga zochapa?" anafuula apongozi aakazi ali kukhitchini.

"Madzi munawaonapo liti pampopi Loweruka?" anayankha amuna awo.

Chithunzicho anati asunga kaye podikira chenicheni. Anachisunga pakhoma, m'felemu imene munali kalendala, pamwamba penipeni pa katebulo kaja, ndipo alendo akabwera amawalozera okha, ati onani ntchito yosamaliza ya mpongozi wanga. Katebuloko tsopano kali ndi mwendo umodzi womangidwa ndi waya, ndipo ndikamadutsa pafupi apongozi aakazi amakhosomola.

Kuika mano tinaphunzira mwezi wotsatira, pakompyuta ya aphunzitsi. N'kosavuta, ngakhale mnzanga wa tomato amatha. Apongozi akandifunsa ndimagwada, ndimayang'ana nsapato, ndimati zimenezo ndi za chaka chomaliza, bambo.