Mapiritsi amene ndinabisa m'chigafa

Zinayamba ndi litsipa, Lachiwiri lina m'mwezi wa Febuluwale, ndikuchokera ku Mtunthama pa njinga yanga yampikisano. Pachitunda chimene ndinkakwera tsiku ndi tsiku, miyendo inangokana. Ndinatsika n'kuyamba kukankha.

Kwathu ku Wimbe ndinauza amayi kuti ndi fodya, poti dzulo lake tinathyola wonyowa ndi mame, ndipo wotereyo amachititsa chizungulire. Amayi sanamve zimenezo. Anandiperekeza kuchipatala chapafupi, kumene anandipeza ndi malungo n'kundipatsa mapiritsi.

Kunali kutatsala milungu itatu kuti ndikayesedwe ndi timu ya akazi ya kunja, anthu amene kupalasa njinga ndiyo ntchito yawo. Malo anali amodzi okha. Aphunzitsi athu a zanjinga ankatichenjeza kuti kumeneko amayeza mkodzo, ndipo wopezeka ndi mankhwala oletsedwa amamuthamangitsa. Ine ndi mutu wanga woumawu ndinangoti mankhwala onse ndi oletsedwa. Mapiritsi aja ndinawasomeka kudenga la chigafa, pamwamba pa fodya, n'kumanama kuti ndikumwa.

Lachisanu ndinkanjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Loweruka mkodzo unada bii. Lamlungu ndinagwa pakhomo, ndipo abambo anandimangirira ndi chitenje pa kaliyala ya njinga yawo yotutira nkhuni mpaka kumsewu.

Masiku awiri oyamba kuchipatala cha kuboma sindiwakumbukira. Magazi anali atatheratu m'thupi. Amayi amati anadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka kuti magazi ogwirizana ndi anga apezeke, namwino akungoti, "Pempherani, mayi."

Nditatsitsimuka ndinaulula zonse kwa adokotala. "Mapiritsi munabisawo saletsedwa, mukanangofunsa," anatero. "Magazi takupatsaniwa ndi amene amaletsedwa kumpikisano ngati mulibe makalata a chilolezo."

Ndinalira, sindibisa ayi. Tsiku loyesedwa lija linandipeza ndili kumudzi, ndikulephera kufika pamjigo osapumira panjira. Malo aja anatenga wina.

Lero ndili bwino. Chitunda chija ndimakweranso, ndipo njinga sindinaisiye. Anzanga othamanga, thupi likatentha pitani kuchipatala tsiku lomwelo, muwauze kuti mumachita mipikisano, ndipo chimene akupatsani mumalize. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Mapiritsi aja akadali kudenga la chigafa. Amayi anakana kuti ndiwataye, akuti ndiziwaona ndikamatulutsa njinga m'chigafamo.