Chaka Chimene Ine ndi Alamu Tinadwala Mutu

Nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, achemwali a amuna anga, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, anabwera kudzakhala nafe ku Malindi. Anafika wapansi ndi ana awo, atasenza mphika ndi bulangete. Amuna awo anatsala komweko, ndipo palibe ankadziwa ngati ali moyo.

Nyumba yathu inali ya zipinda ziwiri. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya mishoni, amuna anga ankakhalira kunyanja. Ndikaweruka ndinkapeza ana akulimbirana ndiwo, madzi atatha mumtsuko, alamuwo ali duu pakhonde, maso ali kumapiri kumene anachokera.

Sindinkadandaula. Ukanayamba bwanji kudandaulira munthu wothawa nkhondo za kuchepa kwa malo? Koma thupi linayamba kundivuta. Mutu unkayambira kukhosi, mtima n'kumagunda ngati ndathamanga chikhalirecho ndili pampando. Chakudya chinkandiotcha pamtima. Tsiku lina ndinakalipira mwana m'kalasi chifukwa chongogwetsa choko.

Mawa lake ndinapempha kwa ahedi n'kupita kuchipatala osauza munthu kunyumba. Pabenchi ya odwala ndinapeza alamu atakhala kale.

"Mwadzatani kuno, alamu?" ndinafunsa.

"Mutu," anatero. "Nanga inu?"

"Inenso mutu."

Atatiyeza, malungo sanapezeke mwa tonse awiri. Adokotala anandimanga chingwe pamkono n'kunena kuti magazi akuthamanga. Anandifunsa ngati tulo timabwera, ndinati timabwera todukaduka.

"Mayi, awa ndi maganizo," anatero. "Mankhwala ndikupatsani, mchere muchepetse. Koma chimene chikukudyanicho mupeze womuuza."

Alamu atatuluka anati nawonso awauza zomwezo. Tinabwerera kunyumba limodzi. Titafika pamitengo ya mango, anayamba okha, Chichewa chawo chikupendekera ku Chiyao.

"Ndimaona kuti takupanikizani. N'chifukwa chake ndimakhala panja, kuti ndisakupingeni m'nyumba mwanu."

"Ine ndimayesa simufuna kugwira ntchito zanga," ndinayankha.

Anaseka pang'ono, kenaka anandiuza kuti akamva injini ya boti amadzidzimuka poyesa kuti nkhondo yafika. Zimenezo sindinkazidziwa, ngakhale tinkadyera mbale imodzi.

Zinthu sizinasinthe tsiku lomwelo. Amuna anga anawamangira kanyumba kuseri kwa yathu, ndipo malume awo anawabwereka munda wa chinangwa. Alamu anayamba kuyanika usipa pathandala ndi amayi ena, kumene ankamva nkhani zina osati za nkhondo. Kuphika tinagawana masiku. Loweruka tinkapita kumunda awiriwiri, ana n'kuwasiya. Nthawi zina tinkacheza, nthawi zina tinkangolima.

Mutu wanga unachepa. Wa alamu unkabwerera anthu atsopano akafika kuchokera kumalire, chifukwa ankapita kukafunsa za amuna awo n'kubwerako opanda yankho. Akatero ankagona tsiku lonse, ine n'kuwaphikira phala.

Mtendere utabwera, munthu wina wa kumudzi kwawo anatiuza kuti amuna a alamu anamwalira chaka chomwe alamuwo anathawa. Tinakhala maliro popanda mtembo. Anthu ambiri atayamba kubwerera kwawo, mwana wawo wamkulu anapita kukaona minda ya bambo ake, koma alamu anakana kubwerera. Anakalambira ku Malindi akugulitsa usipa.